Chinsinsi Chimodzi, Zovala Zambiri: Mbiri ya Pasaka ndi Khrisimasi Pakati pa Mitundu

Mawu oyamba

Mwezi wa Disembala ukafika, m'matchalitchi athu ambiri mumamangidwa kakhola kokumbutsa kubadwa kwa Ambuye. Ambirife tidaonapo kakhola kotere katayalidwa thonje padenga, pambali pake pataimikidwa nthambi ya paini yokolekedwa mapepala onyezimira. Thonjelo amati likuimira chipale chofewa chimene chimagwa ku Ulaya m'nyengo yachisanu. Koma kunja kwa tchalitchi kuli kutentha, mvula ikugunda, ndipo akhristu afika pa Misa ndi matope kumapazi, atagoneka khasu dzulo lomweli. M'thonje lija mulibe tchimo. Komabe likutifunsa funso ife ansembe ndi ophunzira za unsembe: pa zonse zimene timachita pa masiku aakulu a Eklezia, ndi ziti zimene zili chikhulupiriro chenicheni, nanga ndi ziti zimene zili zovala zomwe chikhulupirirocho chidavala podutsa m'maiko a eni?

Wansembe wosadziwa kuyankha funsoli amalakwa m'njira ziwiri. Mwina amateteza mwambo wa ku Ulaya ngati kuti udatsika pa phiri la Sinai, mwinanso amataya chinthu chofunika poganiza kuti nchachizungu. Mankhwala a zolakwa ziwirizi ndi amodzi, ndiwo kudziwa mbiri. Tiyeni tsono titsate mapazi a zikondwerero ziwiri zazikulu, Pasaka ndi Khrisimasi, tione m'mene zidayendera zisanafike kwathu kuno.

Mkangano wa tsiku la Pasaka

Pasaka ndiye chikondwerero chakale koposa zonse, ndiponso ndiye adayamba kugawa maganizo a akhristu. M'zaka za m'ma 100, akhristu a ku Asia Minor, dera limene lero lili m'dziko la Turkey, ankachita Pasaka pa tsiku la 14 la mwezi wa Ayuda wa Nisani, tsiku lophera mwanawankhosa, kaya lagwa Lachiwiri kaya Lachisanu. Iwo ankati mwambowo adaulandira kwa Yohane mtumwi. Akhristu a ku Roma ndi a madera ena ankadikira Lamulungu, tsiku limene Ambuye adauka kwa akufa.

Cha m'ma 155, Polycarp, episkopi wokalamba wa ku Smyrna, adapita ku Roma nakambirana nkhaniyi ndi Papa Anicetus. Panalibe amene adatembenuza mnzake. Komabe Anicetus adampatsa mlendo wakeyo ulemu wotsogolera Nsembe ya Ukaristia m'tchalitchi chake, ndipo awiriwo adasiyana mwamtendere. Patapita zaka ngati 35, Papa Victor, mbadwa ya kumpoto kwa Africa, adafuna kudula mipingo ya ku Asia Minor pa umodzi wa Eklezia chifukwa cha nkhani yomweyi. Pamenepo Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, amene paunyamata wake adamvapo Polycarp akuphunzitsa, adalembera Papa kalata yomudandaulira. Irenaeus mwini wake ankachita Pasaka Lamulungu monga a ku Roma, koma adakumbutsa Victor za kufatsa kwa Anicetus, namfotokozera kuti kusiyana kwa masiku osala zakudya sikuphwanya umodzi wa chikhulupiriro, koma kumauonetsa poyera. Nkhani yonseyi adatisungira ndi Eusebius m'buku lake la mbiri ya Eklezia.

Msonkhano wa ku Nicaea, m'chaka cha 325, udagamula kuti akhristu onse azichita Pasaka tsiku limodzi. Lamulo limene lidakhazikika pambuyo pake, makamaka ndi luntha la akatswiri a ku Alexandria, ndi lakuti Pasaka likhale Lamulungu lotsatira mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. Nchifukwa chake Pasaka wathu sagwa pasanafike pa 22 Malichi, ndipo sapyola pa 25 Epulo. Koma kuwerengera kwake kudakhalabe kosiyana. Bede akutisimbira za ku Northumbria, kumpoto kwa England, kumene mfumu Oswiu inkatsata kuwerengera kwa amishonale a ku Ireland, pamene mfumukazi inkatsata kwa ku Roma. Zinkatheka kuti mfumu ili pa phwando la Pasaka, mkazi wake m'nyumba yomweyo akadali pa Lamulungu la Kanjedza, akusala. Msonkhano wa ku Whitby, m'chaka cha 664, udathetsa vutolo potsata Roma.

Kusiyana kwina kudabadwa mu 1582, pamene Papa Gregory XIII adakonza kalendala, tsiku la 4 Okutobala nkutsatidwa ndi la 15 Okutobala. Mipingo yambiri ya kuvuma sidalandire kusinthako, ndipo mpaka lero Pasaka wawo kawirikawiri amasiyana ndi wathu. Mu 2025, patatha zaka 1,700 chichitikire msonkhano wa ku Nicaea, makalendala awiriwa adakumana, ndipo akhristu a kuvuma ndi a kuzambwe adachitira pamodzi Pasaka pa 20 Epulo. Phunziro lake ndi ili: Eklezia idafunafuna umodzi wa tsiku, ndipo ikuufunabe, koma ana ake anzeru koposa adakana kuti kalendala ithetse ubale.

Khrisimasi, chikondwerero chobwera mochedwa

Ambiri amadabwa akamva kuti kwa zaka pafupifupi 300 Eklezia idakhala yopanda Khrisimasi. Mateyo ndi Luka sadalembe tsiku kapena mwezi umene Yezu adabadwa. Cha m'ma 200, Clement wa ku Alexandria adatchula anthu ena amene ankaika kubadwako m'mwezi wa Meyi, ena wa Epulo. Origen, wa mumzinda womwewo, adaona kuti m'Malembo okondwerera tsiku lawo lobadwa ndi Farao ndi Herode, osati anthu olungama. Kwa akhristu oyamba tsiku lenileni lobadwa la munthu woyera linali tsiku la imfa yake, pamene adabadwira kumwamba.

Umboni woyamba wotsimikizika wa 25 Disembala uli m'kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354, imene ili ndi mndandanda wa zikondwerero wolembedwa mu 336. Kuvuma kudali kale chikondwerero china, cha pa 6 Januwale, chotchedwa Epifania, ndiye kuti kuonekera kwa Ambuye, chimene chinkakumbutsa kubadwa kwake kapena ubatizo wake mu Yordani, malinga ndi dera. Mwambo wa ku Roma udayenda pang'onopang'ono. Polalikira ku Antioch mu 386, John Chrysostom adanena kuti sizidakwane zaka 10 chidziwire iwo tsikulo, ndipo ena ankalikana poti nlachilendo. Ku Alexandria lidalandiridwa cha m'ma 432, ku Yerusalemu mochedwa kuposa apo. Mpingo wakale wa ku Armenia sudalilandire konse: mpaka lero umakumbukira kubadwa ndi ubatizo wa Ambuye pamodzi pa 6 Januwale.

Nanga chifukwa chiyani 25 Disembala? Akatswiri a mbiri ali ndi mayankho awiri. Ena amaloza ku dzuwa. M'kalendala ya Aroma tsikuli linkatengedwa ngati pamene usiku wafika potalika koposa, dzuwa nkuyambanso kupeza mphamvu. Mfumu Aurelian idamangira mulungu wa dzuwa kachisi mu 274, ndipo kalendala ija ya 354 ikutchulanso chikondwerero cha "Wosagonjetseka" pa 25 Disembala pomwepo. Akatswiriwa amati Eklezia idaika Khristu, Dzuwa la chilungamo, pamalo pa dzuwa lolengedwa. Ena, monga Louis Duchesne ndi Thomas Talley, amaloza ku kuwerengera. Akhristu akale a kuzambwe ankati Ambuye adafa pa 25 Malichi, ndipo ankaganiza kuti tsiku lomwelo ndilonso adaikidwa m'mimba mwa Maria. Kuwonjeza miyezi 9 kumatifikitsa pa 25 Disembala. Mayankho onse awiri akuvomerezana pa mfundo imodzi: tsikuli lidasankhidwa chifukwa cha tanthauzo lake, osati chifukwa wina adalipeza m'kaundula wa ku Betelehemu.

Abambo a Eklezia adagwiritsa ntchito nyengo imene ankaiona ndi maso. Augustine wa ku Hippo ankaphunzitsa kuti Yohane Mbatizi adabadwa pa 24 Juni, pamene masiku amayamba kufupika, ndipo Khristu adabadwa pamene masiku amayamba kutalika, pakuti Yohane mwini adavomera kuti kuchepa nkwake, kukula nkwa Ambuye. Koma kubwereka chizindikiro kuli ndi ngozi yake. Papa Leo Wamkulu, amene adalamulira Eklezia kuyambira 440 mpaka 461, adadzudzula akhristu ena amene, pokwera makwerero a tchalitchi cha Petro Woyera, ankatembenuka nkuweramira dzuwa lotuluka. Leo sadathetse Khrisimasi chifukwa cha iwowo. Adawaphunzitsa kusiyanitsa Mlengi ndi cholengedwa.

Nzeru ya Gregory ndi miyambo ya ku Ulaya

Njira yotere idalembedwa momveka ndi Papa Gregory Wamkulu. Iye adatuma Augustine wina, amene adadzakhala episkopi woyamba wa ku Canterbury, kukalalikira Angerezi, ndipo adafikako mu 597. Mu 601 Gregory adayamba walembera mfumu ya kumeneko kuti igwetse akachisi a mafano. Koma ataganiza mofatsa adasintha maganizo, natumiza kalata ina kwa Mellitus, mkulu wa amonke amene anali pa ulendo wopita komweko. M'kalatamo adati mafano achotsedwe, koma akachisi omangidwa bwino awazidwe madzi odalitsidwa, aikidwe maguwa, kuti anthu azibwera kwa Mulungu woona pamalo omwe adazolowera. Popeza anthuwo ankapha ng'ombe zambiri popereka nsembe, Gregory adati pa zikondwerero za Eklezia azimanga misasa ya nthambi pozungulira tchalitchi, aphe ng'ombezo kuti adye ndi kuthokoza Mulungu. Chifukwa chake chinali chakuti wokwera phiri amakwera phazi ndi phazi, sadumpha.

Zotsatira za njira imeneyi zikuoneka m'chinenero chomwe. Bede akuti dzina la Chingerezi la Pasaka lidachokera ku mwezi wotchedwa ndi dzina la mulungu wamkazi wa makolo awo, Eostre. Ife, monga mitundu ina yambiri, tidasunga mawu ochokera ku Chihebri kudzera m'Chigriki ndi m'Chilatini. Pa mfundo iyi Mchewa ali pafupi ndi Mose kuposa Mngerezi.

Miyambo imene ambiri amaiyesa ya atumwi ili ndi zaka zowerengeka. Kakhola kaja kadatchuka chifukwa cha Francis wa ku Assisi, amene mu 1223, ku Greccio, adakonza modyera ziweto ndi udzu, nabweretsa ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti alimi a kumeneko aone ndi maso umphawi wa Mwana wa Mulungu. Misa idachitikira pomwepo, Francis nkuimba Mthenga Wabwino ngati dikoni. Sadafune kukongoletsa tchalitchi ayi. Adatenga zinthu za m'khola la mlimi wa ku Italy kuti zilalikire.

Mtengo wa Khrisimasi ndi waposachedwa kuposa apo. Udayambira m'madera olankhula Chijeremani, ndipo umodzi mwa maumboni ake akale ndi wa ku Strasbourg mu 1605. Ku England udafala pambuyo pa 1848, nyuzipepala ina ya ku London itasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi banja lake atazungulira mtengo wotere. Pabwalo la Petro Woyera ku Roma udaimikidwa koyamba mu 1982, m'nthawi ya Papa John Paul II, patatha zaka 80 chikhazikitsidwire mishoni ya Mua. Tisaiwalenso kuti Ulaya yemweyo sadali wa mtima umodzi. Nyumba ya malamulo ya ku England idathetsa Khrisimasi mu 1647, ndipo idabwezeredwa mu 1660. Ku Scotland, kumene kudachokera amishonale a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, Khrisimasi idakhala tchuthi cha boma mu 1958.

Ethiopia, Mexico ndi Philippines

Tikafuna kuona Khrisimasi imene sidadzere ku Ulaya, tiyang'ane ku Ethiopia. Chikhristu chidakhazikika ku Aksum m'zaka za m'ma 300, m'nthawi ya mfumu Ezana, Athanasius wa ku Alexandria atadzoza Frumentius kukhala episkopi. Pamenepo Angerezi ndi anthu a ku Poland anali asanabatizidwe. Akhristu a kumeneko amachita Khrisimasi, imene amaitcha Genna, pa 7 Januwale, atasala nyama, mkaka ndi mazira kwa masiku 43. Amavala nsalu zoyera za thonje nkuchezera m'tchalitchi usiku wonse, ndipo zikwi za anthu zimapita ku Lalibela, ku matchalitchi osemedwa m'thanthwe. Oimba amaimba ndi ng'oma, zisekese zachitsulo ndi ndodo zotsamira, akuyenda mwakachetechete kutsogolo ndi kumbuyo, potsata maimbidwe amene amati adawayamba ndi Yared Woyera m'zaka za m'ma 500. Masana anyamata amasewera mpira wa ndodo zokhota, wotchedwanso genna, pokumbukira chimwemwe cha abusa.

Koma chikondwerero chimene chimagwedeza dziko lonselo ndi Timkat, ubatizo wa Ambuye, pa 19 Januwale. Ansembe amasenza pamutu tabot, gome lopatulika loimira Bokosi la Chipangano, atalikulunga m'nsalu zokongola, napita nalo pa mdipiti kumadzi. Kumeneko anthu amachezera, ndipo m'mawa madzi amadalitsidwa nkuwazidwa pa khamu lonse. Apa tikuona mwambo wakale wa kuvuma uja, woika ubatizo patsogolo, udakali wamoyo. Tikuonanso kuti ng'oma m'nyumba ya Mulungu si chinthu chimene chidayamba dzulo.

Ku Mexico, kuyambira pa 16 mpaka pa 24 Disembala, akhristu amachita Las Posadas. Usiku uliwonse amayenda khomo ndi khomo atanyamula zithunzi za Maria ndi Yosefe, akupempha malo ogona. Amakanidwa, amakanidwanso, mpaka nyumba ina itsekula chitseko, onse nkulowa kukapemphera ndi kudya. Chiyambi cha mwambowu chimalumikizidwa ndi ansembe a chipani cha Augustine Woyera a ku Acolman, m'zaka za m'ma 1580, ndipo udagwera m'nyengo yomwe kale Aaziteki ankalemekeza mulungu wawo Huitzilopochtli. Ku Philippines masiku 9 omwewo ndi a Simbang Gabi, Misa zochitika mbandakucha kusanayere. Nthawiyo idasankhidwa poganizira alimi amene ankalawirira kumunda, ndipo Misa ikatha anthu amadya zitumbuwa za mpunga pabwalo la tchalitchi. Chinsinsi ndi chimodzi, koma wina adachiona m'madzi a Yordani, wina m'chitseko chotsekedwa, wina m'mbandakucha wa mlimi. Pajatu khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Zimenezi si zosemphana ndi chiphunzitso cha Roma. Mu 1659 nthambi ya Papa yoona za kufalitsa chikhulupiriro, Propaganda Fide, idalangiza aepiskopi opita ku Asia kuti asasamutsire France, Spain kapena Italy ku China, koma apite ndi chikhulupiriro chokha, chimene sichinyoza mwambo wa mtundu uliwonse ngati suli woipa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udabwereza mfundo yomweyi m'chikalata cha Sacrosanctum Concilium cha pa 4 Disembala 1963, m'ndime 37 mpaka 40. Ku Kampala mu 1969 Papa Paul VI adauza aepiskopi a mu Africa kuti Chikhristu cha Chiafirika nchololedwa ndiponso nchofunika, ndipo mu 1988 Roma idavomereza mwambo wa Misa wa madayosizi a ku Zaire, dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo.

Nanga kwathu kuno?

Ansembe a Montfort amene adafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers amene adakhazikika ku Mua mu 1902, adabwera ndi zimene ankadziwa. Sitiwadzudzula: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo ku Mua komweko, kuyambira mu 1976, osema a ku Kungoni akhala akuonetsa kuti nkhani za Mthenga Wabwino zingathe kusemedwa ndi nkhope zathu. Koma ntchito yomasulira nyengo zathu m'ulaliki idatsalira ife.

Tiyambe ndi dzuwa. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, kotero kuti ulaliki wa Augustine uja kwathu kuno umagadabuka: pa Khrisimasi masiku afika potalika koposa ndipo ayamba kufupika, pamene pa 24 Juni ayamba kutalika. Wansembe wolalikira za dzuwa logonjetsa mdima wa chisanu akulalikira nyengo ya anthu ena. Chimene ife timadikira m'Novembala ndi m'Disembala ndi mvula. Nthaka yauma, matchire apsa, chizimalupsa chagwa nkuleka, ndipo maso onse ali kumitambo. Makolo athu ankapempha mvula kwa Chauta, monga akuchitira umboni akachisi a ku Msinja ndi ku Khulubvi. Tsono Eklezia yomwe, pa Lamulungu lachinayi la Adventi, imayamba Misa ndi pempho la Yesaya loti kumwamba kugwetse chilungamo ngati mame ndi mvula, nthaka itsekuke, chipulumutso chiphuke. Mneneri yemweyo amafanizira mawu a Mulungu ndi mvula imene sibwerera kumwamba isanameretse mbewu. Mlimi wa ku Dedza angathe kumva Adventi ameneyu m'thupi mwake kuposa munthu wa ku Roma.

Khrisimasi imatipezanso nkhokwe zitayamba kupepuka. Mpunga, nkhuku kapena mbuzi, thobwa ndi chovala chatsopano cha mwana ndi zinthu zolemekezeka, ndipo Gregory Wamkulu akadazidalitsa. Koma abusa tikudziwa mabanja amene amagulitsa chimanga kapena kudya ndalama ya feteleza chifukwa cha phwando la tsiku limodzi, Febuluwale nkuwapeza ali pa ganyu. Tikudziwanso kuledzera kumene kumasandutsa tsiku la mtendere kukhala tsiku la ndewu. Apa ndi pamene liwu la Leo likufunika. Ndipo miphakati yathu ingathe kuphunzira ku Mexico kuti Khrisimasi ndi nkhani ya chitseko: ndani m'mudzi muno amene sadatsekuliridwe, nkhalamba iti, mwana wamasiye uti, amene sadalawe mpunga lero?

Pasaka naye amatipeza pa nthawi yake. Ku Ulaya amagwa pamene mitengo ikuphuka chitatha chisanu. Kwathu amagwa njala ikutha, dowe atacha, maungu ndi zitheba zili mbwee. Lenti wathu kawirikawiri amayamba m'miyezi ya njala, ndipo tiyenera kusamala polalikira kusala kwa anthu amene akudya kamodzi patsiku. Koma taonani m'mene Pasaka wa m'masika akugwirizanirana ndi Malembo. Buku la Levitiko lidalamula Aisraele kupereka kwa Mulungu mtolo woyamba wa zokolola m'masiku a Pasaka, ndipo Paulo, polembera Akorinto, amatcha Khristu wouka kwa akufa chipatso choyamba kucha. Mkhristu amene wakazinga dowe woyamba, podziwa kuti munda wonse ukutsatira, ali kale ndi chiyambi cha chiphunzitso cha kuuka kwa akufa.

Mawu otsiriza

M'maphunziro a filosofi tidazolowera kusiyanitsa chenicheni cha chinthu ndi maonekedwe ake. Kusiyanitsaku nkothandiza, koma tisakutenge ngati kuti chinsinsi cha chipulumutso chingathe kupezeka chili chosavala. Mwana wa Mulungu adadzisandutsa munthu wa mtundu wina, wolankhula chinenero china, wodya Pasaka wa Ayuda. Chikhulupiriro sichiyenda chopanda chovala, ndipo funso loyenera ndi lakuti chovalacho chikumkwana Khristu kapena chikumphimba.

Mbiri imene tatsatayi ikutipatsa miyeso itatu. Woyamba ndi wa Leo: kodi mwambowu ukutsogolera anthu kwa Mlengi, kapena ukuwaimitsa pa cholengedwa? Wachiwiri ndi wa Irenaeus: kodi ukusunga umodzi ndi episkopi ndi Eklezia yonse, kapena ukubala magawano? Wachitatu ndi wa Francis: kodi mmphawi akuupeza malo? Mwambo wokwanira miyeso itatuyi, kaya udachokera ku Greccio kaya kumudzi kwa agogo athu, ngwathu. Thonje lija lingathe kukhalabe padenga la kakhola ngati akhristu alikonda. Koma wansembe amene adzaime pambali pake usiku wa pa 24 Disembala, mvula ikuwomba pamalata, azidziwa kuti ulaliki wake wayamba kale kumveka padenga la tchalitchi.